Chimanga cha makwinya

"Kodi amake mwana, mtondo wanu wadwala? Sabata yonseyi sitinaumve ukulira."

Anandifunsa choncho amayi oyandikana nafe nyumba, ataima pampanda wa udzu, dengu lili pamutu. Anali a msinkhu wa malemu mayi anga, ndipo ndinkawatchula kuti mayi aang'ono ngakhale panalibe ubale. Kwathu ku Chiradzulu mkazi sankasinja yekha. Wina akayamba kukonola, anzake ankabwera ndi misi yawo, ntchito n'kumayenda ndi nkhani. Koma ine masiku amenewo ndinkadikira anthu apite kumunda kapena kumsika, n'kukokera mtondo kuseri kwa nthochi, n'kumasinja monyang'ama ngati wakuba. Ndinawayankha kuti msana ukundipweteka. Iwo anandiyang'ana, anati, "Pepani," n'kupitirira. Bodzalo analiona.

Zonse zinayamba ndi kachitini ka fodya. Amuna anga ankalima dimba la mzungu wina pa esiteti ya kufupi ndi Namadzi, ndipo ankabwera kumudzi Loweruka. Tsiku lina m'nyengo yozizira anandipatsa kachitiniko. M'katimo munali njere zachikasu, zofota, zamakwinya.

"Ichi n'chimanga kapena mano a nkhalamba?" ndinafunsa.

"Bzalani muone. Koma amake mwana, ichi n'chodya chachiwisi. Khukhi wa bwana amakathyola madzi atawira kale pamoto. Sachiumitsa ayi."

"Azungu ali ndi nkhokwe? Adziwa chiyani za kuumitsa?"

Anangoseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinabzala m'kadimba kanga kuseri kwa nyumba, pamene madzi a pachitsime ankatsikira. Ndinkathirira ndi mtsuko m'mawa ndi madzulo, mwana ali kumsana. Mapesi ake anali aafupi, osandipitirira phewa, koma miyezi itatu isanakwane ndevu zinali zitauma. Ndinathyola zikonyo zinayi, n'kusenda makoko akunja, n'kuziika mumphika ndi madzi pang'ono, pamwamba n'kuphimba ndi makoko omwewo monga timachitira ndi mondokwa wathu. Nkhuni zisananyeke ndi theka lomwe chinali chitapsa. Nditaluma ndinadabwa. Kunali kutsekemera kwa nzimbe, koma kofewa ngati mkaka. Chootcha sichinakome kwenikweni, chinkapserera msanga. Ndipo chimene ndinathyola dzulo lake n'kugoneka m'dengu chinataya kukoma kwake konse. Ndinaziona zimenezi, osaziganizira.

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka ziwiri, wowonda chiwondere kuchokera m'chaka cha njala yaikulu. Phala ankalilavula. Koma chimanga chimenechi anachigwira ndi manja awiri, madzi ake akuyenderera mpaka m'zigongono, n'kumayamwa chitsononkho chitatha kale. Pamenepo ndi pamene nzeru zanga zinasokonekera. Sukulu ndinalekezera panjira ku mishoni, koma kuwerenga miyezi ndinkadziwa. Ndinati mumtima: ndikabzala ndi mvula yoyamba, mu Febuluwale tidzakhala tikudya. Ufa wake udzakhala wotsekemera, phala la mwana silidzafuna shuga wa kusitolo. Choncho ndinaleka kuthyola, n'kusiya zotsalazo ziume kuti zikhale mbewu. Zitauma zinafota, zinachita makwinya ngati zam'kachitini zija. Poyamba ndinkayesa kuti zija zinafota chifukwa cha ulendo. Tsopano ndinali nditaona ndi maso anga kuti ndi mmene chimakhalira. Ndinatong'ola ndithu, n'kusunga mumphika.

Kudenga la khitchini yanga, mu utsi, kunali kupachikidwa chimanga china, zikonyo khumi ndi chimodzi. Imeneyo inali mbewu ya mayi anga: yoyera, yolimba ngati mwala, njere zina zofiirira apa ndi apo. Amayi awo anabwera nayo pamutu kuchokera ku dziko la Apwitikizi. Chaka cha njala chija anthu onse m'mudzi anadya mbewu zawo, n'kudzabzala imene boma linagawa. Mayi anga okha anakana. Tinkadya gaga ndi mizu, iwo atamangirira mbewuyo m'nsalu, akugona nayo kumutu. Anaibzala, tinakolola pang'ono, anasankha okha zikonyo zimenezo, ndipo mwezi wotsatira anamwalira.

Mvula itayandikira, ufa unachepa m'nyumba. Ndinayang'ana kudenga kuja, ndinati, mbewu ndili nayo kale yabwino koposa, izi zikungodetsedwa ndi mwaye. Ndinazitsitsa, ndinazisinja, tinadya masiku anayi. Amuna anga atabwera Loweruka anayang'ana pamene panali mbewu paja, anayang'ana ine.

"Munda wonse mubzala cha makwinya chija?"

"Wonse."

"Ine ndine mkamwini, munda ndi wanu. Koma ndinanena."

Ndinabzala munda wonse, nandolo yekha pakati. Ndiye pakamwa panga! Potuluka ku Misa ndinkauza akazi anzanga kuti, "Mu Febuluwale inu mukamadzamanga nsalu pamimba, kwathu kudzakhala kukununkhira." Ndipo zinaterodi. Chinacha anthu onse chawo chisanamasule n'komwe. Milungu iwiri imeneyo ndinali ngati mfumukazi. Ndinkaphika mphika waukulu, ana a m'mudzi atazungulira, akazi akupempha kuti ndidzawasungireko mbewu. Mwana wanga ananenepa masaya.

Kenaka ndinati basi, chotsalachi chiume, ndi cha m'nkhokwe. Koma chinacha pakati pa dzinja, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Makoko ake sankatseka kunsonga, madzi ankalowa. Mbalame za m'mudzi wonse zinasonkhana m'munda mwanga mokha, poti kwina kunalibe chakupsa. Chimene ndinakolola chinali chopepuka, dengu lodzaza ndinkalinyamula ndi dzanja limodzi. M'nkhokwe anankafumbwe anachilowa mwezi usanathe. Chimanga cha mayi anga ankachilephera mpaka chaka chimatha.

Choipitsitsa chinali pamtondo. Chimanga chathu ukachikonola, gaga amachoka, n'kutsala mphale yoyera yolimba. Ichi munsi ukangogunda chinkaphwanyika chonse, ndipo popeta chinkauluka pamodzi ndi gaga, m'lichero n'kutsala tizinyenyeswa. Ndinayesa kuviika, tsiku lachiwiri chinasanduka phala lonunkha. Ndinayesa kusinja chonse pamodzi osakonola. Nsima yake inali yachikasu, yonanda, yotsekemera moipa, yosagwirizana ndi ndiwo iliyonse. Amuna anga anadya ndithu. Sananene kuti ndinanena paja. Bola akadanena.

Patapita masiku atatu chifunsire funso la mtondo lija, mayi aang'ono aja anabwera osaodira. Anandipeza kuseri kwa nthochi ndikupeta, fumbi lachikasu lili m'tsitsi. Anakhala pansi, anatapa m'lichero, n'kufikisa m'manja. Zonse zinasanduka fumbi.

"Iwe mwanawe, m'nkhokwe monse n'choncho?"

"Monse, mayi."

"Ndiye unati uzibisa mpaka liti? Mpaka mwanayu ayambe kulira usiku timve tokha?"

Anapukuta manja pansalu, anati, "Palibe kanthu, nthaka sinathawe. Chaka chino ubwerere ku mbewu ya amako. Ndipo anandilonjeza zikonyo ziwiri asanamwalire, ine ndimachita manyazi kukukumbutsa uli pachisoni."

Ndinaweramitsa mutu. Anadzuka, analowa m'khitchini, ndipo ndinamva kuti aima. Anakhalitsa m'menemo. Potuluka sanandiyang'ane kumaso.

"Unagulitsa?"

"Ndinasinja."

"Njala ija inalephera, iwe wakwanitsa," anatero mwapansipansi, osakalipa. Ananyamula dengu lawo n'kumapita. Madzulo ake anabweranso ndi kalichero ka mphale, n'kusiya pakhonde.

Akazi amene anapempha mbewu aja sanandikumbutsenso. Pachitsime ankandipatsa moni bwinobwino, ndipo palibe anatchula za Febuluwale, koma ine ndinkatunga madzi mothamanga. Miyezi ingapo ndinkakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi. Tinadya nandolo ndi makaka a chinangwa, ndipo ndinagwira ganyu m'minda ya anthu omwe aja ndinkawauza za kumanga nsalu pamimba, mwana ali kumsana, kulipidwa mphale ya m'mbale. Mvula itabwera ndinabzala mbewu imene mayi aang'ono anandigawira, ya boma ija. Inabala, koma mphale yake sinkafika pa ya mayi anga.

Chimanga chotsekemera ndimabzalabe mizere iwiri m'dimba, poti mwana amachikonda, ndipo ndimathyola madzi atawira kale. Cholakwa sichinali cha chimangacho.

Zimene zinatayika ndi izi: zokolola za munda wonse za chaka chimodzi, mbuzi ziwiri zimene tinasinthanitsa ndi chimanga, nsalu yanga ya ukwati, miyezi isanu ya kulima m'minda ya eni, ndi zikonyo khumi ndi chimodzi za mayi anga, zimene tinadya masiku anayi.