Chamba chimene chinavala nsalu ya chipani

Malume, lero mphepo yang'alula tsinde la tomato wanga, ndipo pomanga ndakumbukira inu ndi chamba chanu chija chinkabisala pakati pa thonje ku Kasisi. Mbuzi itaching'alula, munalumikiza mbali ziwirizo, n'kumata dothi lonyowa, n'kuchirikiza ndi bango. Luzi munati lasowa, ndiye munang'amba nsalu ya chipani ya akazi anu n'kukulunga balalo, nkhope ya mwini dziko ili poyera. Anyamata ogulitsa makadi a chipani atatulukira m'mundamo, ine ndinangoti malume apita kundende. Mkulu wawo anafunsa, "Ichi n'chiyani, madala?" Inu munati, "Zulani, ana anga, koma muyambe mwawamasula Bwanawo ndi manja anu." Anayang'anizana, wina mpaka anavula chipewa, ndipo anabwerera osakhudza ngakhale tsamba.

Sukulu ndinapita nayo mpaka ku yunivesite, koma funso ili landikanika: luzi linasowadi, kapena munalibisa dala? Munatisiya ndisanakufunseni. Tomato wanga ndamanga ndi chingwe wamba, alibe womuteteza. Gonani bwino, malume, ndikhulupirira kumeneko safunsa khadi.