Wailesi pa Thandala la Usipa

Ndiyamba ndi kuyamika Mulungu, amene anatisunga m'zaka za nkhondo pamene ambiri anzathu anagona m'tchire osaikidwa.

Chaka china asilikali a boma anagwira mng'ono wanga ku Chiwanga. Ankati amapereka nsomba kwa zigawenga za kuphiri. Anamutsekera ku kampu, ndipo tonse tinkadziwa kuti wogwidwa pa mlandu wotere amatha kungosowa.

Tinali ndi msuweni ku Lichinga, wophunzira malamulo, adivogado. Ndinakwera kukamupempha kuti atsike kunyanja.

"Achimwene," anatero, "ndikafika lero kwa komandante wa kampuyo, ndine ndani? Andifunsa kuti ndi mwana wa yani ameneyu. Ayambe wandimva, kenako andione."

Mnzake wa ku wailesi ya chigawo anali atamulonjeza mpata pa pologalamu ya Chinyanja, kuti aziyankha mafunso a malamulo: za malire a minda, za chuma cha amasiye. Za akaidi anati azinena pambuyo, anthu atazolowera mawu ake. Ntchito yanga inali yoti asilikali amve.

Ndinakwiya. Mng'ono wanga ali m'dzenje la mikango, iye akufuna kutchuka? Koma ndinamvera. Ndinkayanika mabatire padzuwa kuti apeze mphamvu, ndipo masana a pologalamu ndinkaika wailesi pa thandala, pomwe asilikali ankabwera kudzatenga usipa.

Poyamba ankaseka. "Wamalamulo wanuyo akudziwa kupalasa bwato?" Kenako mmodzi anandituma funso la munda wa malemu bambo ake. Ndinalitumiza, ndipo linayankhidwa.

Tsiku lonena za akaidi linafika. Komandante mwini anali pagombe, akusankha nsomba. Mawu a msuweni anamveka pang'onopang'ono: munthu wogwidwa ayenera kuonekera pamaso pa woweruza, ndipo womusunga ndiye adzafunsidwa za iye. Amayi oyanika usipa anaweramitsa mitu. Ine ndinkapemphera osatsegula pakamwa.

"Wailesi iyi ndi ya ndani?" anafunsa komandante.

"Ndi yanga, bwana."

"Wolankhulayo mukumudziwa?"

"Ndi mwana wa azakhali anga. Akubwera kudzationa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mfuti inali paphewa pa msilikali kumbuyo kwake. Anatenga nsomba zake n'kuchoka, wailesi osaizimitsa.

Msuweni atafika, ndinamuperekeza ku kampu. Mlonda wa pachipata atangomva moni wake anati, "Ndinu a pa wailesi aja?" Anamutulutsira mpando.

Sanamumasule mng'ono wanga tsiku limenelo. Anamukweza galimoto kupita kwa woweruza ku Lichinga, ali moyo, anthu akuona. Anabwerera kwathu mvula itayamba, wowonda, dzino limodzi palibe.

Inu owerenga, Ambuye akusungeni pamodzi ndi abale anu. Wanu akagwidwa, akupatseni womulankhulira, ndipo afewetse mtima wa wogwira makiyi. Amen.