Anandifunditsa chitenje ndili wamoyo pa mpikisano wa ana amasiye

Nkhaniyi si ya m'maluwa ayi, inandichitikira ine ndemwe kuno ku Nkhotakota, ndipo amene akukayika abwere ndimuvulire malaya aone chipsera chimene ndimayenda nacho kumsana. Mayina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwo akadali moyo ndipo timagundana nawo mapewa kumsika.

Inali nthawi ija matipate angofika kumene, pamene aliyense wokhala ndi mimba yaikulu ndi galimoto ankadziona ngati phungu kale. Pa boma pano panali bambo wina wamalonda, munthu woti mwana wamasiye akaima pakhomo pa golosale yake ankamupirikitsa ngati nkhuku, koma chisankho chitayandikira anangoti mwadzidzidzi wagwidwa ndi chifundo. Anazungulira ndi chimkuzamawu kulengeza kuti kukhala mpikisano wothamanga kuchokera pa boma mpaka ku Liwaladzi, ati pofuna kupeza thandizo la ana amasiye. Masiku amenewo matenda aja anali atatisautsa, maliro tsiku ndi tsiku, ndipo kwathu tinkasunga ana a malemu achimwene anga. Ndiye mukanakhala inu mukanakana? Ndinalembetsa pamodzi ndi mlamu wanga, telala wa pakhonde kumsika, munthu wofatsa amene ankathamanga kuposa ife tinkadzitcha akatswiri a mpira.

Munali pakati pa dzinja. Tsikulo kunacha kuli zii, kopanda ngakhale kamphepo, ndipo cha kumpoto kwa nyanja kunali kutada bii. Amayi ena anapempha bwanayo kuti asinthe tsiku, koma iye anaseka mpaka mimba kugwedezeka, nati mvulayo anaimangitsa kale kwa sing'anga wake, siigwa mpaka womaliza atafika. Anthu n'kuwomba m'manja, tangoganizani! Anatigawira matisheti, kutsogolo kuli chinkhope chake chodzadza chifuwa chonse, za ana amasiyezo zili kumbuyo m'tizilembo toti uchite kuyandikira kuti uwerenge. Anathamanga nafe mpaka pamene wojambula zithunzi anamaliza ntchito yake, kenako ali wefuwefu analowa m'galimoto.

Titangowoloka Bua, mpoto unatipeza. Abale anga, ndinabadwira kunyanja, koma mphepo ngati imene ija sindinaionepo. Madenga a udzu ankauluka athunthu, nthambi zikuthyokera mumsewu, mvula ikubwera chammbali ndi matalala oswa milomo, msewu utasanduka mtsinje. Mtsikana wina wa sekondale anagwa patsogolo pathu, akunjenjemera. Tinaimika galimoto ya bwana, yomwe anatilonjeza kuti izinyamula otopa, koma dalaivala anangotsitsa galasi pang'ono n'kunena kuti bwana akuti mipando inyowa, basi ulendo.

Ine ndi mlamu tinamunyamula mtsikanayo n'kukabisala naye pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Ndikudziwa mukuti kupusa, koma matalala akamakuboola pamutu nzeru zimathawa. Amayi a pamudzi wapafupi anabwera kudzamutenga mtsikanayo, ife tinatsala. Mlamu anatsamira thunthu, akundiuza moseka kuti alamu, tikafika ku Liwaladzi mundigulira tiyi. Ndinangoona kuwala koyera kwa mphenzi, ngakhale kugunda kwake sindinakumve.

Nditatsitsimuka ndinali chagada m'matope, mvula ikugwera m'maso koma osatha kuphethira. Thupi lonse linali gwaa ngati la munthu wina, lilime lolemera, mphuno zikumva fungo la tsitsi lopserera. Makutu okha ndiwo ankagwira ntchito. Anthu anabwera akulira, anagwedeza mlamu, anagwedeza ine, ndipo bambo wina atagwira phazi langa ananena kuti lazizira kale, onse awiri atisiya. Amayi ena anavula chitenje n'kundifunditsa kumaso.

Mukudziwa mmene zimakhalira kumva maliro ako omwe? Ndinakuwa mumtima mpaka kutopa, koma pakamwa osatuluka ngakhale mpweya womveka. Ndipo paja ife Asilamu maliro sitichedwa nawo. Ndinayamba kuona nsalu ya sanda, kuona jeneza lonyamulira maliro, kuona dothi likundigwera pachifuwa dzuwa lisanalowe ine ndikumva zonse.

Kenako ndinamva galimoto ikuima, chitseko kutseguka, ndi mawu a bwana. Mukuganiza kuti anafunsa kuti agwawa ndi ana a yani? Ayi. Anayamba ndi kufunsa ngati wojambula uja wajambulapo kanthu pamenepa, ndipo atamva kuti ayi, anauza anyamata ake mawu amene ndidzapita nawo kumanda: "Avuleni matishetiwo msanga. Nkhope yanga isaoneke pa mitembo."

Anayamba ndi mlamu, kenako anabwera kwa ine. Nsaluyo inali itamatirira pa chilonda cha kumsana, ndipo mnyamatayo ataikoka mwankhanza, ululu unandibaya mpaka mu ubongo, ndinabuula. Anataya tisheti n'kuliyatsa liwiro akukuwa kuti mzukwa. Amayi a chitenje aja ndiwo anagwada, n'kuika khutu pachifuwa panga. "Ali moyo uyu! Tsegulani galimotoyo!" Bwana anayankha kuti akuthamangira kukadziwitsa apolisi, ndipo sitinamuonenso. Inanditengera kuchipatala ndi lole ya matola, nditagona pamwamba pa matumba a usipa.

Mlamu sanadzuke. Anamuika ine ndili chigonere, ndipo ana ake anawonjezeka pa amasiye a kwathu. Ndinamva kuti bwana anafika pamaliro ndi suti, nalankhula nthawi yaitali kuti malemu anali ngwazi, ndiponso kuti mphenziyo anatumiza ndi a chipani china pochita naye nsanje. Thandizo lija palibe mwana amene analiona. Chisankho anapambana, ndipo ena mwa omuvotera ndi omwe aja anaima pansi pa mango n'kumva mawu ake ndi makutu awo, koma anagulidwa ndi chitenje ndi kachidutswa ka sopo.

Mpaka lero ena amandifunsa ngati ndimakhulupirira kuti mphenzi ija inali yotumidwa, kapena kuti mankhwala omangira mvula anatembenuka. Ine ayi. Mphenzi ndi ya Mulungu, imagwa pamene yafuna, ndipo sindiisungira chifukwa. Chimene chimandidzutsa thukuta lili kamukamu ndi mawu odekha aja, a munthu woti waima pa anthu awiri ogona m'matope koma akudandaula za chithunzi chake. Choncho inu achinyamata, kukada kumpoto bwererani kunyumba ngakhale wina alumbire kuti mvula ili m'thumba mwake, ndipo mukapeza munthu wagwa ndi mphenzi musafulumire kumufunditsa. Ikani khutu pachifuwa pake kaye, mwina akukumvani.