Nyali yofiira ya Tiwonge

Tiwonge mng'ono wanga, lero ndadutsa pa shopu ya Matchaina ija unkagwirako ntchito m'tauni. Chikuikire m'manda ndakhala ndikuuzemba msewu umenewu. Apachikanso nyali zofiira pakhomo, ndiye kuti chaka chawo chatsopano chafika. Ndaima n'kumaziyang'ana. Sindinalire ayi, ndangoiwala chimene ndimakagula.

Ukukumbuka tsiku lija unabwera kunyumba ku Geisha ndi pepala lofiira, nsungwi ndi guluu? Unakhala pakhonde n'kumapinda nsungwizo monga anakuphunzitsira abwana ako. Amama anakalipa: "Zofiira pakhomo panga? Anthu aziti muno muli sing'anga!" Iwe unaseka chomene, n'kuwauza kuti kwawo kwa Matchainako nyaliyi amaipanga yobulungira kuti banja likhale lathunthu, pasasowe munthu. Amama anangoti, "Yewo, ipachike." Mvula ya ku Mzuzu sinachedwe, pepala linanyowa, utoto n'kutsikira pakhoma. Banga lija lilipobe. Eni nyumba anenanso kuti tipente, ine ndangoti mawa. Amama amasesa pakhondepo osayang'ana khomalo. Nyali yako inali yobulungira bwinobwino, Tiwonge. Sindikudziwa kuti chinalakwika n'chiyani.