Timitu ta Mipopi m'Thumba la Detlef

Detlef Rutkowski sankasiya mpopi uli ndi mutu. Belu loyamba likangolira, ankalowa m'zimbudzi za ana n'kumasula timitu tachitsulo timene munthu amapotokola kuti madzi atuluke. Ankatiponya m'thumba la jekete lake lotuwa, ndipo akamadutsa pabwalo ankamveka ngwerengwere. Ankatibwezera madzulo ana ataweruka, kuti amayi okolopa atunge madzi.

Ine ndinali ndi kagolosale tsidya la msewu, moyang'anana ndi geti la sukuluyo. Detlef ndinkamudziwa kuyambira ku mgodi wa malasha, komwe ankagwira ntchito ya mapampu. Pansi paja madzi ndi mdani. Akafika paphazi ndiye kuti wina wagona pa ntchito. Mgodi utatsekedwa, khonsolo ya mzinda wathu uno wa Gelsenkirchen, kuno ku Germany, inamupatsa ntchito yoyang'anira nyumba za sukulu ya pulaimale ya m'dera lathu. Thupi linatuluka mu mgodi, mutu unatsala komweko.

Anayamba ndi sopo, amvekere ana amathira pansi n'kumatsetsereka. Kenako mapepala a kuchimbudzi, ati amatseka nawo mapaipi. Mpukutu unasamukira pa tebulo la mphunzitsi, moti mwana wofuna kukadzithandiza ankang'amba pamaso pa kalasi yonse, anzake akuona kuti watenga wautali bwanji. Timitu tinatsatira mwana wina ataiwala kutseka mpopi Lachisanu.

Pansi panaumadi gwa. Alendo a ku khonsolo akabwera, Detlef ankawaonetsa zimbudzizo ngati akuonetsa mkwatibwi. Palibe mlendo amene anayesapo kutsegula mpopi. Anthu oterowo amayendera malo manja ali kumbuyo.

Ana anapeza nzeru zawo. Ambiri anasiya kumwa madzi m'mawa kuti asafune chimbudzi. Akaweruka ena ankathamangira kwa ine.

"Agogo Eckhard, tisambe nawo m'manja, zala zikumata."

Ndinkawalozera kuseri, kotsukira makapu. Koma nthawi ya maphunziro geti linkakhala lokhoma, ndipo mdzukulu wanga Merle anali m'kati momwemo, m'kalasi yachiwiri. Botolo lake la madzi linkabwerera lodzadza. Mayi ake akamufunsa ankangoti alibe ludzu, milomo ili yong'aluka.

Tsiku lina Detlef atabwera kudzamwa khofi, ndinamuuza.

"Bweza timitu tija, iwe. Ana akudya buledi ndi manja ochokera kuchimbudzi."

"Ife tinkadya ndi manja a malasha. Tinafa?"

"Anzathu ambiri ali kumanda."

"Amenewo ndi mapapo, osati manja. Iwe gulitsa maswiti ako, mdala. Udzandiphunzitse ukadzakolopa kamodzi."

"Ngati umakolopa ndiwe."

"Ine ndimayang'anira okolopa," anatero akugwedeza thumba lija, n'kutuluka osatseka chitseko.

Aphunzitsi ankadandaula ndithu, koma ankadandaulira m'chipinda chawo, momwe munali mpopi wa mutu ndi sopo wonunkhira maluwa. Mkulu wa sukulu, Mayi Brinkmann, ankamulankhula Detlef monyengerera. Ankadziwa kuti munthuyu akakhumudwa, makina otenthetsa makalasi ankawonongeka okha pakati pa chisanu cha Januwale.

Nyengo yozizira ina, matenda otsekula m'mimba analowa pasukulupo. M'makalasi munatsala mipando. Ana ambiri anachirira kunyumba, koma Merle, amene anali atazolowera kukana madzi, anauma mofulumira mpaka anamugoneka m'chipatala pa diripi. Ndinakamupeza ali tulo, kadzanja kali ndi singano.

Ofesi ya zaumoyo inatumiza mayi wina kudzaona. Anayendera zimbudzi, Detlef ali patsogolo chifuwa chili panja, amayi okolopa akusuzumira pakhomo. Ndi iwowo anandifotokozera. Atatha, mayiyo anakwinya manja a malaya kuti asambe, n'kupeza kachitsulo kosongoka basi.

"Bambo, madzi ali kuti?"

"Alipo, mayi. Ndimasunga ine," anatero Detlef akusisita thumba.

"Mumasungira ndani?"

"Taonani pansipa. Mwaonapo dontho?"

Sanamuchotse ntchito. Khonsolo sichotsa munthu amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito, imamuzungulira. Pa holide ya Pasaka inatumiza amisiri, anazula mipopi yonse n'kuika ina yosalala, yopanda mutu, yotulutsa madzi yokha ikangoona dzanja. Sopo anamukhomera kukhoma. Detlef anali kutchuthi kwa mlongo wake, ndipo palibe amene analimba mtima kumuimbira foni.

Tsiku lotsegulira ndinamuperekeza Merle mpaka m'khonde, chifukwa ankaopabe. Belu linalira. Chitseko cha zimbudzi chinali pululu, ndipo ndinamuona Detlef ataima pa beseni loyamba, kachitsulo komasulira kali m'manja. Anatambasula dzanja kufuna mutu. Madzi anatuluka n'kumunyowetsa mkono wa jekete. Anabweza dzanja, madzi analeka. Anawerama, n'kusuzumira kunsi kufuna pomasulira, madzi anamulavulira m'khutu. Ndiye anayesa kuuzembera mpopiwo chakumbali, pang'onopang'ono, ngati wogwira nkhunda. Unamuonabe.

"Wachita izi ndani?" anafunsa, osatembenuka.

Merle anandisiya dzanja, n'kudutsa kunsi kwa chigongono chake. Anapaka sopo, anasamba bwinobwino mpaka pakati pa zala, madontho akugwera pansi pouma pa Detlef paja. Iye anawayang'ana madonthowo, nsagwada zikuyenda. Kenako anafinya mkono wa jekete, n'kusunthira pa mpopi wachiwiri.