Mafuwa a m'nyanja anamuphulikira mlamu wanga

Lachiwiri lapitali ndinakwera kabaza kuthamangira ku chipatala cha pa boma, kumene anagoneka mlamu wanga Esinati. Esinati amakazinga usipa pa doko lina kuno ku Senga Bay, ndipo banja lonse limadya za m'chiwaya chakecho. Ndinamupeza dzanja lamanja atalikulunga mabandeji kuyambira ku zala mpaka pa chigongono.

"Alamu, ine ndimayesa mfuti," anatero. "Ndangomva phuu! Kenako chiwaya chonse chili pa ine."

Sinali mfuti. Unali mwala. Limodzi la mafuwa ake linaphulika moto uli lawilawi, chiwaya n'kupendekeka, mafuta owira n'kumukhuthukira. Miyalayo anali atangoitola m'mawa womwewo m'madzi, m'mphepete mwa nyanja. Akuti inali yokongola, yaphanthiphanthi, yokhazika bwino chiwaya.

Kodi inu mumadziwa kuti mwala umaphulika? Ambiri timangoti mwala ndi mwala. Ayi ndithu.

Nditabwerera ndinapita pa dokopo kukatola zibenthu zake. Mwala wake ndi wofiirira, wa magawomagawo ngati zitenje zopinda n'kusanjikiza. Ukaukanda ndi chikhadabo umayoyoka mchenga, chifukwa ndi mchenga womwewo ndi matope zimene zinadikha pansi pa madzi kalekale n'kugwirana. Ku sukulu ankati sedimentale. Mwala wotere umamwa madzi. Ukauika pa moto madzi aja amawira m'kati, nthunzi n'kusowa potulukira.

Ndiye tengani wa m'phiri. Wolemera, wa mizere yakuda ndi yoyera yokhotakhota, wonyezimira pa dzuwa. Uwu ankati metamofiki: unaphikidwa kale pansi pa dziko, kutentha ndi kupanikizika kunaufinya mpaka madzi alibe polowera. Kamoto ka nkhuni kangaupange chiyani? Ukakalamba umang'aluka mwaulemu, osati kukulumphira kumaso.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zimenezi tonse tinaphunzira, Esinati yemwe. Tinaloweza mayina aja m'Chingerezi, kuwalemba pa mayeso, kuwasiya pomwepo ngati yunifolomu yothina. Palibe anatiuza kuti nkhani yake ndi ya kukhitchini kwathu. Azakhali anga, malemu, mayinawo sankawadziwa, iwo ankangokalipa kuti mafuwa satola m'madzi. Ife tinkaseka n'kumati ndi zikhulupiriro, zofanana ndi zoletsa kukhalira mtondo. Iwo anali ndi lamulo lopanda chifukwa, ife chifukwa chopanda ntchito, ndipo ziwirizi sizinakumanepo m'mutu mwa aliyense wa ife.

Koma ndisamunamizire Esinati umbuli wokha. Kale amayi a pa doko ankakwera kaphiri kali kuseri kwa mudzi, kukasankha mafuwa, n'kutsika atasenza. Lero kaphiriko anakatchinga ndi waya. Wina anagula, akuti amangapo malo ogona alendo, ndipo pa geti pali mlonda ndi galu. Miyala imene yatsala kunja kwa waya anyamata akuiphwanya kukhala kwale wa omanga nyumba. Njerwa nazo sizipirira chiwaya chodzaza mafuta, zimanyenyeka. Mayi wa usipa atole kuti?

Pamene malowa ankagulitsidwa tinkakambirana za manda, za njira ya ku nyanja, za ntchito zimene ana athu adzapeze. Ndinalipo pa misonkhano ija. Za mafuwa palibe anatchula, ndipo akanatchula tikanamuseka. Tinthu tating'ono ngati timeneti sitikhala ndi otiyankhulira, mpaka tsiku limene munthu wapsa.

Adokotala akuti dzanjalo lipola, koma zala ziwiri mwina sizidzapindikanso bwino. Esinati sanalire atamva. Anangofunsa ngati angadzagwirenso chipande chovuulira nsomba. Adokotala anati tiona. Mawu amenewo, inu ndi ine tikudziwa tanthauzo lake. Mchimwene wanga, mwamuna wake, anangotuluka panja n'kukaima pansi pa mtengo.

Dzulo ndinabwereranso pa doko ndi miyala iwiri m'thumba, wa m'nyanja ndi wa m'phiri, kuti ndikawaonetse amayi anzake. Ndinawapeza ali mumzere wawo wa masiku onse, ziwaya zikuwira, malo a Esinati okha ali phulusa. Ndinasuzumira pansi pa ziwayazo. Pafupifupi zonse zakhala pa miyala yofiirira ija.

Ndinafotokoza zonse, za madzi, za nthunzi. Anamvetsera bwinobwino, wina mpaka anaukanda mwala uja n'kugwedeza mutu. Kenako mayi wamkulu pa onsewo, amake Tadala, anapukuta manja pa chitenje.

"Tamva, achimwene, zikomo. Ndiye wabwinowu mwautola kuti?"

Ndinawauza zoona, kuti ndinachita kumupempha mlonda wa pa geti, ndipo anandipatsa umodzi wokha chifukwa timapemphera mpingo umodzi.

"Mafuwa amakhala atatu," anatero amake Tadala. Anawerama n'kusonkhezera moto.