Msomali wa Clarrie Trethowan

Clarrie Trethowan anamwalira mwezi wathawu, ndipo mbusa amene analalikira pa maliro ake anamutcha munthu wa diso losaphonya. Ndalemba nkhani mu Broken Hill muno kwa zaka makumi anayi, ndipo ndamva akufa ambiri akutamandidwa mopyola muyezo, koma bodza lalikulu chotere linali lisanandilowe m'khutu.

Bambo ake ndi agogo ake anakalambira mu mgodi. Iye anayesako sabata ziwiri, nati chifuwa chake sichigwirizana ndi fumbi, natsegula kasitolo kokonzera mawotchi mu msewu wa Argent. Ntchito yake inali yapakatikati: wotchi ikalowa ikuchedwa ndi mphindi khumi, inkatuluka ikuthamanga ndi zisanu. Koma anali ndi kagalasi kopanira padiso, ndipo m'tauni ya anthu oswa miyala, munthu wa kagalasi ndi tayi amasanduka katswiri wa chilichonse chaching'ono.

Nyengo yake inafika mu 1965. Boma linali litalengeza kuti chaka chotsatira mapaundi ndi mapeni achoka, kubwere madola, ndipo anthu anayamba kukhuthula zitini ndi mabotolo pa tebulo kufunafuna peni ya 1930, imene inasulidwa yochepa kwambiri. Akathyali nawo sanachedwe. Ankatenga peni ya 1936, n'kupala mchira wa 6 ndi tupa mpaka aoneke ngati 0, n'kuidetsa ndi mwaye, n'kukaigulitsa ku bala kwa munthu amene wapinda kale mabotolo anayi. Mutu ukapola, ogulawo ankathamangira kwa Trethowan.

Zoyambirirazo anazigwiradi, pakuti zinali zopalidwa mwachibwana. Anadzutsa mwambo wa eni sitolo akale wokhomera ndalama yachinyengo pa kauntala kuti isayendenso, mwini wake n'kumupatsa peni yabwino m'malo mwake. Pofika mu Okutobala mapeni khumi ndi awiri anali atandandalika pa thabwalo, chaka chili kumwamba, iliyonse ndi msomali wake pakati, ndipo nyuzipepala yathu inamujambula atagwira hamala. Chithunzicho ndicho chinamumaliza. Kuyambira pamenepo analeka kuyang'ana ndalama, nayamba kuyang'ana munthu woibweretsa.

Dulcie Angove ankagulitsa mapayi a nyama ku bekale ya kumwera kwa tauni. Mwamuna wake, Len, anafera ku nkhondo ku New Guinea mu 1942, naikidwa m'manda a asilikali pafupi ndi Port Moresby. Dulcie anali ndi chithunzi cha mwala wa pamandapo basi, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankanena kuti tsiku lina adzakaugwira ndi dzanja lake. Tsiku lina pobweza chenji anaona 1930 m'chikhatho chake. Anaponya peni yake m'bokosi la bekale, nakulunga inayo pa kampango. Anzake anamuuza kuti ikakhala yeniyeni imukwanira sitima, ndege ndi maluwa omwe.

Analowa kwa Trethowan Loweruka m'mawa, ufa ukadali m'zikhadabo. M'sitolomo munali amuna atatu opuma pa ntchito ya mu mgodi, amene ankaswera momwemo chifukwa munali mpando ndi mthunzi. Wolongolola kuposa onse anali Snowy Pascoe.

"Mwaitola kuti imeneyi, Mayi Angove?" anafunsa Trethowan.

"Ku ntchito, bambo. Wina anagulira payi."

"Anagulira payi." Trethowan anatembenukira anzake aja. "Mwamva, akuluakulu? Chuma cha dziko lino chayamba kuyenda m'mapayi."

"Ndiye tisamatafune mwaphuma," anatero Snowy, "tingathyole mano pa ulemerero."

Trethowan anapanira kagalasi padiso, nasuzumira peniyo nthawi yosakwanira kuyatsa ndudu.

"Mayi, ndalama zotere zimagona m'mabokosi a madokotala a ku Melbourne. Sizibwera kudzapuma ku bekale. Iyi ndi 1936 yometedwa."

"Tayang'ananinso, bambo Trethowan. Ine sindikuona popala."

"Ndiye chifukwa chake kagalasi kali kwa ine, ufa uli kwa inu. Ndipo dziwani kuti woyesa kugulitsa ndalama yosinthidwa, apolisi amafuna kucheza naye."

Dulcie anali asanaimepo pamaso pa wapolisi chibadwire, ndipo nkhope yake inagwa.

"Khoma, Clarrie!" anafuula Snowy. "Akhale khumi ndi atatu!"

Trethowan anaika peni yabwino m'dzanja la mayiyo monga wopereka mphatso, nakhoma. Msomali unalowa atamenya katatu ndi hamala.

Mu Disembala kunabwera Bambo Halpern, wogula makobidi akale wa ku Melbourne, amene ankayendera matauni akumidzi n'kuyala tebulo ku hotela. Anali nkhalamba yolankhula motsitsa. Atamva za kauntala yotchukayo anapita kukaiona, ndipo ine ndinamuperekeza. Trethowan anatilandira atavala tayi yatsopano, amuna atatu aja ali pa mpando wawo.

Halpern anayamba kumanzere, akugwedeza mutu pa peni iliyonse. "Yometedwa. Iyinso. Taonani, 0 wake ndi wamfupi kuposa 3, chifukwa ndi mimba ya 6 yotsala. Pamwamba pake chitsulo chalowa m'kati pamene panadutsa tupa." Trethowan ankavomereza ngati mphunzitsi womvera mwana wakhama.

Pa ya khumi ndi chitatu Halpern anaima. Anapukuta galasi lake, nawerama kachiwiri, napempha kuti azule msomali. Anaiyeza pa kasikelo, naitembenuza, nayamba kuwerenga timano ta m'mphepete ndi nsonga ya singano, milomo ikuyenda. Zinamutengera mphindi khumi.

"Anakhoma iyi ndani?"

"Ndine," anatero Trethowan.

"Munaiyang'ana?"

"Bambo, ine ndakhala ndi kagalasi aka zaka makumi atatu."

"Sindinafunse zaka za kagalasi. 0 uyu ndi wamtali mofanana ndi anzake, ndipo pomuzungulira sipanakhudzidwe. Pa moyo wanga ndagwirapo zenizeni zisanu ndi imodzi. Yachisanu ndi chiwiri ndi iyi, ndipo ndi yoyamba kuiona ili ndi zenera."

"Mayo ine," anatero Snowy Pascoe chapansipansi, nanyamuka kupita ku bala. Dzuwa lisanapendeke tauni yonse inali itamva.

Dulcie anafika atavala epuloni yake ya ku ntchito. Trethowan sanapepese. Anayamba kufotokoza kuti mwalamulo peniyo ndi yake, popeza anaisinthanitsa poyera, pamaso pa mboni zitatu. Mboni ziwiri zimene zinatsala zinayang'ana kudenga. Dulcie anatsegula kachikwama kake, natulutsa peni, naiika pa thabwalo.

"Nayi yanu, Clarrie," anatero. Ulemu wa "bambo Trethowan" unathera pomwepo. "Mukhome imeneyi. Mwina muyamba mwaiyang'ana."

Halpern anaigula kwa Dulcie mwachilungamo, koma peni yobowoka ndi yobowoka. Anamuuza mosabisa kuti ikanakhala yathunthu ikanamufikitsa ku Port Moresby ndi kumubweza. Zimene analandira zinakwana tikiti ya sitima ya ku Adelaide, kumene anakagona sabata imodzi kwa mchemwali wake, nabwerera ku uvuni.

Trethowan anakhalanso zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo manyazi sanamudwalitse ngakhale tsiku limodzi. Madola atabwera anasamutsira ukatswiri wake ku masitampa, kenaka ku miyala yamtengo wapatali ya opalo. Nkhani ya peni ankaisimba yekha ku bala, itakonzedwa bwino: ankati pakanapanda iye kuisunga pa kauntala, mkulu wa ku Melbourne uja sakanaiona, ndipo mayiyo sakanapeza ngakhale kanthu. Alendo ena ankamugulira mowa pa nkhani imeneyi.

Dulcie Angove anamwalira mu 1978 m'chipinda cha kuseri kwa bekale, manda a Len asanawaone.